Za ku Chilobwe: Kulemba Mlandu Umene Sudathe

(Nyimbo yotsegulira, itsike pang'onopang'ono)

MUULUTSI: Madzulo ano tachezeredwa ndi mphunzitsi wachikulire, amene watha zaka zambiri akuphunzitsa kalembedwe m'makoleji a muno mu Blantyre, ndipo atiuza mmene wophunzira angalembere chimangirizo cha mtsutso pa nkhani imene gwero lake lidakali lobisika. Aphunzitsi, takutcherani khutu.

MPHUNZITSI: Zikomo, mwana wanga. Ndikupereka moni kwa inu nonse, amayi ndi abambo, mafumu pamodzi ndi nyakwawa zanu, koma makamaka kwa inu anyamata ndi asungwana a m'makoleji, pakuti mawu anga alunjika kwa inu, ngakhale kuti akuluakulu nawonso ndiwapempha kanthu ndisanachoke pampando pano.

Chaka china ndidapatsa ophunzira anga ntchito yakuti aliyense asankhe chinthu chimodzi chimene chidachitika mumzinda muno, chimene anthu akali kufunsana za icho kufikira lero, ndi kulembapo masamba asanu. Mnyamata wina wa ku Zingwangwa, wanzeru ndithu, wodziwa kuluka mawu, adandibweretsera chimangirizo cha kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe, ndipo chiganizo chake choyamba chidatseguka ndi mawu akuti, “Aliyense akudziwa kuti.” Ndidawerenga masamba onse asanu, ndidakondwera ndi Chichewa chake chimene chinkayenda ngati madzi a Mudi m'dzinja, koma nditafika pothera ndidatenga cholembera chofiira ndi kumulembera funso limodzi lokha m'mphepete mwa tsamba: Aliyense ameneyu ndani, amakhala kuti, ndipo tingakampeze bwanji kuti timfunse? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mnyamatayo adakwiya nane sabata yathunthu, ndipo sindimuimba mlandu, chifukwa zimene adalembazo adazimva kwa agogo ake, ndipo kukayikira mawu a agogo kumaoneka ngati mwano.

Tiyambe ndi zimene zili pambalambanda, kuti achinyamata amene adabadwa dzana adziwe chimene tikunena. Kuyambira mu Sepitembala 1968 kufikira mu Malichi 1970, anthu osachepera 30 adaphedwa usiku m'nyumba zawo m'makomboni a mzinda uno, ndipo popeza mbiri yoopsayo idamveka kwambiri ndi dzina la Chilobwe, kupha konseko kudatengera dzina limenelo, ngakhale kuti si onse adafera ku Chilobweko. Matupi ena adapezeka ochekedwachekedwa. Ine ndinali mwana masiku amenewo, ndipo chimene ndikumbukira si nkhope ya munthu aliyense, koma mtondo umene bambo anga ankatsekera nawo chitseko dzuwa likangolowa, ndi nkhwangwa imene inkagona kumutu kwa mphasa yawo. Mu 1969 anthu ena adagwidwa nazengedwa mlandu ku Khoti Lalikulu, koma adamasulidwa chifukwa umboni unali wosakwanira. Ndipo mkwiyo umene udabuka pa kumasulidwako ndiwo udatsegula njira yakuti Nyumba ya Malamulo ipatse makhoti a makolo mphamvu yoweruza milandu ya kupha, m'mabwalo mmene wozengedwa sankaloledwa kukhala ndi loya womuimira, ndipo oweruza achingerezi a Khoti Lalikulu adatula pansi udindo wawo. Mu 1970 adagwidwa munthu wina dzina lake Walla Laini Kawisa, amene adavomera kuti adapha ena mwa anthuwo, ndipo adaweruzidwa kuti aphedwe. Nayonso nduna ya Chigawo cha Kummwera, a Gomile Kumtumanji, idachotsedwa pampando poganiziridwa kuti idakhudzidwa ndi kuphako, nifera m'ndende.

Izi ndizo zoona zimene wophunzira angaponde nazo pansi osaterereka. Zotsalazo, zimene mtima wa munthu umalakalaka kwambiri, ndiko kunena kuti ndani adapha, anali angati, ndipo adatumidwa ndi yani, zili m'kamwa mwa magulu atatu osagwirizana. Anthu wamba ankanong'onezana kuti mwazi wa ophedwawo unkatumizidwa ku South Africa kukabweza ngongole ya boma. Dr. Banda ankaloza chala nduna zakale zimene zidakangana naye mu 1964. Ndipo khoti lidaika katundu pamutu pa Kawisa. Tsono wophunzira waulesi amasankha liwu limene lamkomera m'khutu, nalikometsa ndi mawu okuluwika. Koma wophunzira amene ndikufuna kuumba ine amakhala pansi monga mfumu pabwalo, naitana onse atatu, nawafunsa funso lofanana.

Funsolo si lachilendo kwa ife, ndipo ndimadabwa ndikamamva ena akunena ngati kuti kusanthula umboni kudabwera ndi sitima ya pamadzi. Aliyense amene adakhalapo pansi pa mtengo wa kachere mlandu wa mbuzi uli m'kati amadziwa kuti mboni isanapite patali, nyakwawa imaidula mawu niifunsa kuti, “Kodi iwe udaona ndi maso ako, kapena udachita kumva?” Ndipo ikati idachita kumva, amaifunsa amene adaiuza, namuitanitsa ameneyo, kufikira atapeza mwini maso, kapena kufikira nkhaniyo itasungunuka ngati mchere m'madzi. Chilamulo cha Mose nachonso sichinkalola kuti munthu aphedwe pa mawu a mboni imodzi, ndipo Luka, asanalembe uthenga wake, adayamba wafotokozera Teofilo kuti adalondola zonse mosamalitsa kuchokera kwa iwo amene adaziona. Nchifukwa chake ndimauza ophunzira anga kuti asanalembe chiganizo chilichonse adzifunse ngati chili cha “ndidaona,” cha “ndidamva,” kapena cha “ndiganiza”, pakuti zonse zitatuzi zili ndi malo ake m'chimangirizo, koma tchimo lalikulu la mlembi ndilo kuveka “ndiganiza” malaya a “ndidaona.”

Tiyese tsono nkhani ya mwazi ija pa muyeso umenewu, ndipo tiiyese mwaulemu, chifukwa amene ankaikhulupirira ndi makolo athu, ndipo sanali zitsiru. Ndimamuuza wophunzira kuti: tayerekeza kuti nkhaniyi ndi yoona, nanga nchiyani china chimene chiyenera kukhala choona pamodzi nayo? Payenera kukhala wina wodziwa kukoka mwazi mumdima, mwa munthu amene wavulazidwa kale ndipo mwazi wake wamwazikira pansi. Payenera kukhala mabotolo, ndi mankhwala oletsa mwaziwo kuundana, ndi malo ozizira ousungira, ndi galimoto, ndi dalaivala, ndi kalaliki wolandira katunduyo kutsidya. Ndiponso payenera kukhala boma la dziko lolemera limene lingalole kubwezedwa ndalama zomangira mzinda ndi mwazi wa anthu 30, pamene m'dziko lake lomwe muli zipatala ndi anthu miyandamiyanda. Unyolo wautali chotere umasiya dzimbiri penapake. Wophunzira akafufuza m'mabuku a khoti ndi m'zolemba za akatswiri napeza kuti palibe ndi mmodzi yemwe mwa anthu a mu unyolowo amene adaimapo pabwalo kuchitira umboni, alembe choncho, momveka ndi mopanda mantha.

Koma asathere pomwepo, pakuti pano mpamene pali phindu lenileni la ntchito yake. Akuluakulu adati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Mphekesera, ngakhale ikhale yabodza pa chimene ikunena, imanena zoona za anthu amene akuinena. Chifukwa chiyani anthu a ku Chilobwe adatchula South Africa, osati dziko lina? Mu 1967 dziko lathu lidapalana ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la kumeneko, pamene maiko ena a anthu akuda ankalinyanyala. Ngongole yoyambira kumanga likulu latsopano ku Lilongwe idachokera komweko. Ndipo amuna zikwizikwi ankatengedwa ndi Wenela kunka ku migodi ya ku Joni, ena nabwerako ndi chifuwa, ena osabwerako konse. Dzina la Wenela likadalipo mpaka lero pamene timakwerera mabasi mumzinda muno. Mayi amene mwamuna wake adamezedwa ndi mgodi, akamva kuti dzikolo likufuna mwazi wa Amalawi, sakumva chinthu chachilendo ayi. Akumva chinthu chimene mtima wake udachidziwa kale mwa njira ina. Ndipo mphekesera zotere si zathu zokha: ku Northern Rhodesia ankaopa banyama, ku maiko a kuvuma kwa Africa ankaopa mumiani, ndipo mayi wina wolemba mbiri, Luise White, adalemba buku lathunthu pa nkhani zimenezi, lotchedwa Speaking with Vampires, limene lidatuluka mu 2000. Wophunzira amene wafika apa wapeza mfundo imene angaiteteze pamaso pa aliyense, yakuti nkhani ya mwazi ndi umboni wofooka wa amene adapha, koma ndi umboni wamphamvu wa mantha a anthu ndi kusakhulupirira kwawo boma la tsiku limenelo.

Muyeso umene wayesera amphawi uyeserenso mafumu. Pamene mtsogoleri wa dziko adanena kuti kuphako kudali ntchito ya adani ake a ndale, wophunzira afunse zomwezo: adaona ndani, umboni uli kuti, ndipo wonenayo akadapindula chiyani anthu akadamkhulupirira? Kukula kwa mpando sikusandutsa “ndiganiza” kukhala “ndidaona.” Chimodzimodzinso Malawi News ya masiku amenewo, imene inali nyuzipepala ya chipani cholamula, ndi mboni yabwino ya zimene chipanicho chinkafuna kuti anthu amve, koma pa zimene zidachitika usiku m'makomboni iyenera kuyamba yapezedwa mnzake woivomereza.

Nanga Kawisa, amene adavomera ndi pakamwa pake? Apa mpamene ophunzira ambiri amapumira, nati mlandu watha. Ine ndimawauza kuti kuvomera ndi umboni, koma si umboni wonse. Munthuyo adavomera kangapo, osati kamodzi. Tsono wophunzira aike zivomerezozo pamodzi, aone pamene zikugwirizana ndi pamene zikusiyana, afunse kuti adazinena ali m'manja mwa yani, ndiponso ngati mwa zimene adanenazo munali kanthu kamene wakupha yekha ndiye akadakadziwa. Akumbukirenso kuti bwalo limene lidamuweruza silinkalola loya, kotero kuti padalibe katswiri woti agwedeze umboniwo kuti tione ngati uli ndi mizu. Zoona, kuphako kudaleka m'chaka chomwe iye adagwidwa, ndipo mfundo imeneyi ndi yolemera, wophunzira asaibise. Koma tambala akalira dzuwa nkutuluka, sitinena kuti tambala ndiye watulutsa dzuwa, ndipo kuleka kwa kupha kukhoza kugwirizana ndi kugwidwa kwa wakupha yekhayo, kapena ndi kubalalika kwa gulu limene laona mnzawo ali m'maunyolo. Katswiri wa malamulo Paul Brietzke adausanthula mlanduwu m'nkhani imene idasindikizidwa mu 1974, ndipo wophunzira aliyense wofuna kulemba za Chilobwe ayenera kuiwerenga asanatole cholembera.

Pali kamawu kamodzi kakang'ono kamene ndikufuna mukamve bwino. Olemba mbiri akafika pa imfa ya Kawisa amati “zikuoneka” kuti adanyongedwa mu Meyi 1972. Mnyamata wanga wa ku Zingwangwa uja adakachotsa kamawuko, poganiza kuti kakufooketsa chiganizo chake, nalemba kuti adanyongedwa mu Meyi 1972, basi. Ndidamuuza kuti: mwana wanga, pochotsa liwu limodzi wapanga chinthu chimene kudalibe, ndipo mawa wina adzakopera kwa iwe, nkuja wina adzakopera kwa iyeyo, kufikira chongoganizira chija chidzakhale pa intaneti monga choonadi chokhala ndi mboni khumi, pamene mboni yake ndiwe wekha, amene sudaoneko.

(Nyimbo pang'ono)

Tsono pasakhale wina wochoka pa wailesi pano akuganiza kuti mkuluyu watiphunzitsa kukhulupirira zolembedwa ndi kunyoza zonong'onezana, pakuti mbiri ya dziko lino ikanditsutsa pomwepo. Mu Meyi 1983 mtundu wonse udauzidwa kuti nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, adafa pangozi ya galimoto pa msewu wa ku Thambani m'boma la Mwanza. Zimenezo ndizo zidalembedwa ndi kuulutsidwa. Koma m'mabasi ndi m'misika ya ku Limbe ndi ku Ndirande anthu ankanong'ona zina, ndipo patapita zaka 11, bungwe lofufuza limene lidakhazikitsidwa mu 1994, lotsogoleredwa ndi Jaji Mtegha, lidapeza kuti anthuwo adachita kuphedwa. Onong'ona aja ndiwo adalondola. Komabe mu Disembala 1995 Khoti Lalikulu muno mu Blantyre lidamasula Dr. Banda ndi anzake amene adazengedwa mlandu wokonza chiwembucho. Taonani tsono kupapatiza kwa njira imene mlembi woona ayenera kuyendamo: ali ndi ufulu wonse kulemba kuti anthu anayiwa adaphedwa, ali ndi ufulu kusanthula chigamulocho ndi kunena ngati chikumkhutiritsa kapena ayi, napereka zifukwa zake, koma alibe ufulu kulemba kuti khoti lidapeza uje wolakwa pamene lidammasula.

Ophunzira a ku Chichiri ali ndi chitsanzo china pakhomo pawo penipeni. Pa 24 Sepitembala 2011 Robert Chasowa, wophunzira wa ku Polytechnic, imene lero ikutchedwa MUBAS, adapezeka atafa pasukulupo. Apolisi adati adadzipha. Bungwe lofufuza la mu 2012, lotsogoleredwa ndi Jaji Andrew Nyirenda, lidapeza kuti adaphedwa. Wolemba za nkhani yotere, imene abale a malemu akali kuilira, ndipo otchulidwa mayina akali kuyenda m'misewu yomwe tiyendamo ife, adziwe kuti bungwe lofufuza si khoti, ndipo kutchulidwa m'lipoti si kupezeka wolakwa. Dzina la munthu si nsanza yopukutira cholembera. Kulemba kuti wakutiwakuti adapha, popanda chigamulo, kukhoza kumfikitsa mlembi kubwalo pa mlandu woipitsa mbiri ya mnzake. Ndipo ngakhale lamulo likadapanda kutero, lamulo lakale lija loletsa kuchitira mnzako umboni wonama likadalipo.

Za kamangidwe ka chimangirizo chenichenicho sindichulukitsa mawu, chifukwa amene wasanthula bwino savutika kuyala. M'ndime yoyamba anene poyera chimene akutsutsa kapena kuteteza, ndipo chikhale chaching'ono chokwana m'manja mwake. Kulonjeza kuti “ndiulula amene adapha anthu ku Chilobwe” ndiko kusenza denga ndi mutu umodzi, koma kunena kuti “umboni ulipowu sukwanira kutsimikiza kuti Kawisa adachita yekha” ndi mtolo umene mwana wa chaka chachiwiri angaufikitse. Pambuyo pake ayale umboni, chinthu chilichonse ndi gwero lake. Kenaka aitane mdani wa mfundo yake, amkhazike pampando wabwino, amlole kulankhula ndi mphamvu zake zonse, ndipo pokhapo amuyankhe. Pakuti kugwetsa chidole cha udzu chimene wadziumbira wekha si kulimba m'nkhondo. Ndipo pamene umboni wathera, nayenso athere pomwepo. Ndidapatsapo malikisi apamwamba chimangirizo chimene chidatha ndi kunena kuti funso lili chitsegukire, nichisonyeza pepala limene likadapezeka likadalitseka. Ndipo ndidalepheretsapo china chimene chidayankha zonse.

Kopita kukafuna umboni kulipo, ndipo si kutali. Ku Mandala, m'nyumba yakale ija yomangidwa mu 1882, muli mabuku ndi zolembedwa za Society of Malawi. Ku Zomba kuli nkhokwe ya boma ya zolembedwa zakale, kumene mungapemphe nyuzipepala za masiku amenewo ndi zokambirana za m'Nyumba ya Malamulo. Ndipo foni imene ili m'thumba mwanu ndi kapolo wabwino wokulozerani njira, koma si mboni. Safunsa adadya phula. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo amene afuna kumaliza ntchito yotere usiku umodzi, mawa lake nkukapereka, angosankha mutu wina.

Mwina wina afunsa kuti, kodi kuvutika konseku nkwa chiyani, pa anthu amene adafa zaka zoposa 50 zapitazo? Ndimuyankha ndi chaka cha 2017. M'mwezi wa Sepitembala chaka chimenecho mphekesera ya anamapopa idabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, niyenda m'midzi kufikira idalowa mumzinda uno mu Okutobala, ndipo anthu angapo adaphedwa ndi makamu olusa, ena muno mu Blantyre, popanda ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti waona ndani. Inali nkhani yomwe ija ya ku Chilobwe itavala malaya atsopano, koma ulendo uno inkayenda pa WhatsApp, mofulumira kuposa njinga yamoto. Ambiri amene ankaitumiza kwa anzawo anali odziwa kuwerenga, ena a iwo ophunzira bwino. Mwana amene waphunzira m'kalasi kufunsa kuti “aliyense ameneyu ndani” ndiye amene tsiku lina adzaima pakati pa khamu ndi mlendo wonyamula chikwama, ndipo sindidziwa phunziro lina m'koleji limene lingapose limenelo kufunika.

Mnyamata uja adabwerera kwa agogo ake ndi kope m'manja, nawafunsa mwaulemu, atagwada, kuti pa zonse zimene adamuuza, ndi ziti adaziona okha. Gogoyo adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adati mwazi sadauone, galimoto sadaione, koma adaona maliro akutuluka m'nyumba ina ya m'dera lawo, ndipo kwa miyezi yambiri ankagona ndi ana onse m'chipinda chimodzi, nyali ili chiyakire. Zimenezo ndizo zidalowa m'chimangirizo chachiwiri, dzina la gogoyo litabisidwa monga adapemphera, ndipo chidaposa choyamba chija kutalitali.

Ndiye pempho langa kwa inu akuluakulu a ku Chilobwe, ku Soche, ku Zingwangwa, ku Ndirande ndi ku Bangwe ndi ili. Amene anali ndi zaka 20 mu 1969 lero wapitirira zaka 70, ndipo chaka ndi chaka tikuperekeza kumanda mboni zimene palibe adazifunsa. Mwana wa sukulu akagogoda pakhomo panu ndi kope lake, musampirikitse poganiza kuti ndi kazitape, pakuti masiku aja adapita. Muyalireni mphasa, muuzeni zimene mudaona, ndipo zimene mudangomva mumuuze kuti mudangomva.

MUULUTSI: Omvera, pulogalamu yathu yathera pamenepa. Tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino.

(Nyimbo yotsekera)